Masamba Akuda a M'miyala ya ku Shimabala

Ndine amene ndinayamba kunena kuti miyala ija ndi chuma. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa zaka zonsezi abale akhala akunena kuti atate anafera ku Kafue chifukwa cha makani awo. Makaniwo analipodi, sindikana. Koma amene anawapatsa pogwira ndine, mwana wawo woyamba, ndi kasukulu kanga kosapsa. Inu owerenga, ngati muli ndi kholo limene limameza chilichonse chotuluka pakamwa panu chifukwa choti munapita kusukulu, khalani pansi mumve zimene zinandigwera ine.

Atate anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzapeza ntchito pa fakitale ina ya ku Indasitiriyo, dera la mafakitale ku Kafue. Anakwera mpaka kukhala folomani. Ine ndinakulira m'nyumba ya kampani, ya magetsi ndi mpopi m'kati, ndipo ndinkayesa kuti dziko lonse limadzuka ndi kulira kwa sayirini. M'mawa atate ankavala ovolosi yabuluu ndi jombo, n'kutuluka akuimba likhweru. Madzulo ankabwera atapanira buledi m'khwapa. Mpaka lero, ndine mayi wamkulu tsopano, ndikamva munthu akuimba likhweru mumsewu ndimacheuka.

Kenako boma linasintha, zinthu n'kutembenuka. Pa wailesi nyimbo inali imodzi, yoti msika ukhale womasuka, makampani agulitsidwe, mainvesita ali m'njira. Ife chimene tinaona ndi salaula, zovala zakale zochokera kunja, kudzaza m'misika, ndi azibambo kubwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo. Atate nawonso anawadula ntchito. Masiku oyamba ankadzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango ngati akudikira basi ya kampani. Patapita nthawi analeka ngakhale kumetako. Likhweru lija linazima, ndipo m'nyumba tinayamba kuyenda monyang'ama ngati muli wodwala.

Amama sanali munthu wokhalira kudandaula. Anagula kanyundo n'kutsatira azimayi anzawo ku Shimabala, kumene anthu ankaswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Ntchitoyo imafuna anthu awiri. Wina amafukula zimiyala zazikulu ndi kuzing'amba ndi chinyundo cholemera, winayo amakhala pansi n'kumaphwanya zidutswazo kuti zikhale tating'onoting'ono. Amama analibe wowang'ambira, ndiye tsiku lina atate anadzuka pansi pa mango paja n'kuwatsatira. Azimayi a kumeneko sanawasiye. Akangowaona ankakuwa kuti, “Ba Folomani, muli shani? Lelo muzatilembela ovataimu?” Atate ankangomwetulira ndi mano okha, mtima uli kwina.

Maganizo a amama anali kumudzi. Atsibweni, mlongo wawo wa amama, anali atatumiza mawu akuti munda ulipo, bwerani mvula isanagwe. Amama ankati tiswe miyala chilimwe chokhacho, tikwere basi, tikalime. Koma mudziwo unali wa kwawo kwa amama. Atate anakwatira kumeneko, anakhalako mkamwini kanthawi, kenako anapempha mkazi wawo n'kupita naye kutauni anthu akuwayang'ana mwaulemu. Tsopano abwerere ndi imvi, manja ali lendelende, akaloleredwe ndime ndi alamu awo ngati kamnyamata kongolowa kumene? Zimenezi zinkawadya. Kumudzi ankakufuna ndi mtima wonse, koma osati kukafikako motero.

Loweruka lina ndinapita nawo kukathandiza. Nthawiyo ndinali kusekondale. Atate anamenya chimwala china choyererako, ndipo chinatseguka bwinobwino motsata mng'alu, ngati mtanda wa buledi. M'katimo munali zodabwitsa. Pankhope zonse ziwiri za mwalawo panali timitengo takuda, tanthambi zosalala, tating'ono ngati chala, tojambulika bwino kuposa mmene mphunzitsi aliyense angajambulire pa bolodi. Sabata yomweyo tinali titaona m'buku la sayansi chithunzi cha tsamba lamakedzana limene linasanduka mwala. Sindinaganize kawiri.

“Atate, aya ni mafosilo!” ndinatero.

Anandifunsa kuti chimenecho n'chiyani. Ine pakamwa panatseguka ngati mpopi. Ndinawauza kuti ndi zomera ndi nyama za kalekale, anthu asanakhaleko, zimene zinakwiririka n'kusanduka miyala. Ndinawonjezera kuti azungu amazifunafuna kwambiri, amazitenga pa ndeke n'kukaziika m'nyumba zagalasi. Zina mwa zimenezo ndinaziwerenga, zina ndinangothira mchere kuti nkhani ikome. Atate anayang'ana uku ndi uku, anavula chipewa n'kuvundikira mwalawo.

Muyenera kudziwa mmene zaka zimenezo zinalili. Aliyense ankakamba za miyala. Uyu wamva za mnzake amene anatola mwala wobiriwira kumigodi ya ku Kopala n'kugula minibasi, uyo wamva za wina wa ku Lundazi. Ndipo lamulo la anthu a miyala linali limodzi: usaonetse munthu, usanene pamene wakumba, dikira wogula weniweni. Atate analigwira lamuloli ngati la m'Baibulo. Kuyambira tsiku limenelo, mwala uliwonse wokhala ndi timitengo takuda sunkaphwanyidwa. Ankaukulunga m'chitenje chakale cha amama, kuuika m'thumba la feteleza, n'kuukweza pa njinga mpaka kunyumba. Miyalayo inadzaza kunsi kwa bedi, kenako inayamba kukwera m'khoma la pabalaza.

Koma inu, atate anadzuka. Anayambanso kumeta ndevu. Anatulutsa ovolosi yabuluu ija, anapukuta jombo, ndipo m'mawa wina ndinamva likhweru pakhomo. Ndinalira ndi chimwemwe. Ankanditchula kuti sayantisiti wawo, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, n'kumadziuza kuti ndaukitsa atate ndi maphunziro anga.

Amama sanatsutse kuti ndi mafosilo kapena ayi, iwo za sayansi sankazidziwa. Anangopempha kuti titengeko umodzi tikaonetse anthu odziwa ku Lusaka. Atate anakana. Anati ukaonetsa a m'maofesi, mawa upeza malo onse atchingidwa ndi waya, iwe uli kunja. Anati mainvesita akangofika adzafunsa okha, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Amama anawayankha kuti nkhonoyo adzaiona okha, ana akufuna nshima.

Mitambo itayamba kusonkhana, amama anamanga katundu. Anatenga azing'ono anga, ine n'kutsala kuti ndimalize sukulu ndi kuphikira atate. Panalibe ndewu. Tinawaperekeza kumsewu waukulu, ndipo atate ananyamula okha mtolo wolemera. Basi itaima anati, “Tsogolani. Ine ndibwera ndi malata, ndi ngolo yomwe. Sindikafika ngati mlendo wopempha.” Amama anakwera basi ija. Koma titabwerera kunyumba, atate anapeza kuti jekete yawo yakuda ya kutchalitchi palibe pa msomali. Amama anali ataitenga dala. Anatumiza mawu pambuyo pake kuti jekete ili pakhoma kumudzi, mwini wake akaifuna aitsatire. Atate anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti mayi ameneyu ndi wochenjera kuyambira kale.

Chaka chotsatira kusukulu kwathu kunabwera mphunzitsi watsopano wa jogalafe. Tsiku lina anabweretsa mwala wotuwa wochokera ku migodi ya malasha ya kuchigwa, n'kuuyendetsa m'kalasi kuti aliyense augwire. Unali ndi tsamba lenileni. Linali ndi msana pakati, timitsempha toyenda mwadongosolo, ndi m'mphepete moonekeratu pamene tsamba lathera. Nditayendetsa chikhadabo ndinamva kuti ladinda, lalowa m'mwalamo. Nditafika kunyumba ndinasolola umodzi mwa miyala ya atate n'kupita nawo padzuwa. Panalibe msana. Panalibe m'mphepete. Nthambi zinkangogawikana, kugawikana, mpaka kuzimiririka, ndipo chikhadabo chinkangoterereka ngati pa inki.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku ndi kumene kumandipweteka kuposa koyamba. Sindinanene. Sindinafunse ngakhale mphunzitsi uja, poopa kuswa lamulo la atate. Nthawi imeneyo ndinali nditalowa felosipu, gulu la mapemphero la achinyamata, kumene tinkalimbikitsana kuti pakamwa pali mphamvu, munthu asamalankhule zolephera. Anzanga ankanena zimenezo ndi mtima wabwino, koma ine ndinazisandutsa pobisalira. Kukayika kukandibwerera ndinkakudzudzula ngati mdierekezi. Zoona zake zinali zakuti ndinkaopa. Ndinkaopa kuona atate abwerera pansi pa mango paja, ndevu zili nyankhalala. Ndinkaopanso kuvula ulemu wa usayantisiti uja.

Zaka zinayamba kudutsa. Nyumba ya kampani tinatulukamo n'kukachita lendi kachipinda kukomboni, ndipo miyala inasamuka nafe, ulendo ndi ulendo pa njinga. Ine ndinamaliza sukulu n'kuyamba kugulitsa nsomba zimene ndinkakapikula ku Chanyanya. Atate anapitiriza ku Shimabala, akung'amba miyala ndi kupuma fumbi lake, yokongola akusunga, yotsala akugulitsa. Mainvesita ena anabweradi m'dziko, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anagogoda pachitseko chathu.

Kukolola kulikonse amama ankatumiza kathumba ka nshawa kudzera mwa aliyense wobwera kuchokera kum'mawa. Wobweretsayo ankaona zakuda, chifukwa atate sankamulola kupita msanga. Ankamufunsa za chilichonse. Kodi dambo lija likusungabe madzi? Mtengo wa masuku wa kuseri kwa tchalitchi ulipo? Ndani wamwalira, ndani wakwatiwa? Nanga mayi a ana awo, anenepa kapena aonda? Mlendo akachoka ankakhala pakhomo akusenda nshawazo imodziimodzi, osadya, akuyang'ana kumsewu. Nthawi zina ndinkawamva akutchula malo oimapo basi ngati mwana akuloweza vesi: Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda. Akafika pa Sinda ankaima. Katete sankamutchula.

Ine ndinapitako kangapo kukaona amama. Ndinaipeza jekete ija ili pakhoma, yokutidwa ndi pulasitiki kuti isalowe fumbi. Amama ankaitulutsa panja nthawi ndi nthawi kuti ipitidwe mphepo. Kumunda anali atasiya ndime ina imene ankaitchula kuti ya atate, ndipo chaka chilichonse ankailima okha. Ankandifunsa funso limodzi lokha, loti miyala ija yagulidwa kapena ayi. Ine ndinkati posachedwa. Anthu inu, ndinkanamiza mayi wondibala ndikumuyang'ana m'maso.

Chifuwa cha atate chinayamba ngati cha fumbi wamba. Kenako chinakana kuchoka. Anaonda, ovolosi ija inayamba kulendewera, ndipo njinga anayamba kuikankha m'malo moikwera. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa thumba la miyala, akupuma movutika, akunena kuti akangochira akakumbe mbali ina kumene akuganiza kuti kuli masamba akuluakulu. Pamenepo mtima wanga unakana. M'mawa mwake ndinatenga mwala umodzi wokongola kwambiri, ndinaubisa pansi pa nsomba m'beseni, n'kukwera minibasi ya ku Lusaka.

Ndinafunsafunsa mpaka ndinafika pa ofesi ya anthu ophunzira za miyala. Anandilandira mayi wina wamagalasi, wofatsa. Anautembenuza mwalawo, anauyang'ana ndi kagalasi kokuzira, n'kumwetulira mwachisoni. Anati anthu ambiri amabwera ndi yoteroyo. Anandifotokozera kuti si masamba ayi. Madzi akamalowa m'ming'alu ya mwala amanyamula tizitsulo takuda tosungunuka, ndipo akauma timatsalira pakhoma la mng'aluwo, tikumayala nthambi ngati mmene madzi amayendera pa dothi louma. N'chifukwa chake timapezeka m'ming'alu mokha, mbali zonse ziwiri, ndipo tilibe msana, m'mphepete kapena kudinda. Anawonjezera kuti miyala ya ku Shimabala ndi yakale kwambiri, moti pamene inkapangika padziko panalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Anati mafosilo enieni amapezeka cha ku Chirundu ndi m'chigwa cha Luangwa, mitengo yathunthu yosanduka miyala, koma ngakhale imeneyo malamulo salola kuigulitsa, ndi chuma cha dziko lonse.

Zonsezi anazinena m'kanthawi kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Zaka zonse zija, yankho linali pa mtunda wa minibasi imodzi. Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula, koma ife phulalo tinadyetsa banja lonse.

Ulendo wobwerera ndinkangolira, mpaka kondakitala anandifunsa ngati kuli maliro. Ndinkaganiza kuti mawu amenewa akawamaliza atate. Ndinawapeza atakhala pakhomo, dzuwa likupendeka. Ndinagwada, ndinaika mwala uja patsogolo pawo, n'kuwauza zonse, kuyambira tsamba la mphunzitsi uja mpaka mayi wamagalasi. Ndinawauza kuti ndinakayika kalekale koma ndinatseka pakamwa.

Anasisita timitengo tija ndi chala. Kenako anapuma mozama, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

“Ndiye tikuchitanso chiyani kuno?” anatero. “Ine mtima unatopa kale, mwanangu. Koma ndinkati mwana wanga anaphunzira, sanganame. Ndikaisiya miyalayi ndiye kuti ndanyoza sukulu yake.”

Inu owerenga, mawu amenewo ndimagona nawo ndi kudzuka nawo. Ine ndinkasunga bodza poteteza atate, iwo ankasunga miyala poteteza ine, ndipo amama ali kumudzi akupukuta jekete. Choonadi chimene ndinkati chiwapha ndi chimene chinawamasula. Tsiku lomwelo anayamba kukamba za ulendo. Anati malata alibe, ngolo alibe, koma khasu akadali kulidziwa, ndipo alamu awo akaseka aseke. Anandituma kukapeza munthu wopita kum'mawa kuti akauze amama kuti achotse pulasitiki ija. Madzulo amenewo anatchulanso malo a basi aja, ndipo nthawi imeneyi anafika mpaka pa Katete.

Koma thupi linali litatsala kumbuyo. Tisanamange n'komwe katundu, anakomoka pakhomo, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Madokotala anayesetsa. Uthenga woyamba unawapeza amama akuzira nyumba poyembekezera mwamuna wawo, wachiwiri, wa maliro, unawapeza asanamalize kuzirako. Mphamvu zonyamulira maliro mpaka ku Katete tinalibe, choncho atate tinawaika ku Kafue konkuno, pakati pa anthu a mitundu ina, kutali ndi manda a makolo awo. Amama anafika ndi jekete ija m'manja. Anawaveka okha. Inali itawakulira kwambiri moti anachita kupinda manja ake.

Chaka chitatha amama anabweranso kuti timange chiliza. Womanga anati tipeze miyala yophwanya yosakaniza ndi simenti. Tinayang'anana. Matumba aja anali akadali m'chipinda changa, chifukwa ndinkalephera kuwataya ndiponso ndinkalephera kuwayang'ana. Tinawakokera panja, amama anatenga kanyundo kawo kakale, ine ndinatenga chinyundo cha atate, n'kukhala pansi monga ankakhalira ku Shimabala. Tinaswa umodziumodzi. Ndinkadikira kuti amama andikalipire, ndipo ndinkafuna kuti atero. Iwo anangonyamula chidutswa china, anachiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Koma ndi yokongoladi. Nanga akanaisiya bwanji?” Atatero anachiika pansi n'kuchimenya.

Tsono mverani ine amene ndinapsa. Mukatola mwala wooneka ngati tsamba, dzira kapena fupa, musathamangire kuutcha dzina. Miyala imadziwa kunamizira. Yang'anani ngati tsambalo lili ndi msana ndi polekezera, ligwireni mumve ngati ladinda, ndipo koposa zonse pitani nawo kwa anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo. Sakulandani, ndipo sizitenga tsiku. Inu ana a sukulu, kachidutswa ka nzeru kamene mwatola m'buku musakakaike m'manja mwa kholo losweka mtima ngati kuti ndi chinthu chathunthu, chifukwa iwo adzakagwira ndi manja awiri. Mukazindikira kuti munalakwitsa, nenani tsiku lomwelo, basi ya kumudzi ikadali kuyenda ndipo woikwera akadali ndi miyendo.

Amama anatisiya zaka zapitazo, ndipo anagona kwawo ku Katete. Ine ndikadali ku Kafue. Ndikapita kukalambula pamanda a atate, pakona ina pamene simenti inagumuka pamaoneka kamwala koyera kokhala ndi kanthambi kakuda. Ndimakhala pambali pake n'kuwatchulira malo aja pang'onopang'ono, kuyambira Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, ndipo sindiima pa Sinda.